Mzukwa Wolankhula Ngati Apongozi

Gerson anali mkamwini, ndipo ukamwiniwo unali utamufika m'khosi. Kwawo kunali ku Maganga, koma atakwatira Pauline anakakhala kwa mkaziyo, m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Chipoka. Kwawoko anali atamanga kale nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, koma munkagona mbuzi za achimwene ake. Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi basi: chitengwa, kuti atenge Pauline ndi kamwana kawo Lindiwe akakhale m'nyumba yakeyo. Koma chitengwa sichitheka eni mwana asanalole, ndipo mwini mwana apa anali Anambewe, mayi ake a Pauline, munthu amene chibadwire anali asanavomerepo kanthu pa tsiku loyamba.

Anambewe ankachita geni ya nsomba. Ankapikula usipa padoko, kuuyanika pa thandala, n'kugulitsa kwa amalonda a ku Lilongwe, ndipo amalondawo ankawaopa kuposa apolisi a pamsewu. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo pa ana awo aakazi, Pauline yekha ndiye anatsala pakhomo. Ndiye aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti nkhani ya chitengwa idzatulutsa thukuta.

Nayo ntchito ya Gerson sinkamuthandiza. Amuna a m'mudzimo ankapita panyanja, n'kubwera atanyowa, akununkha ntchito. Iye ankadzitsekera m'kachipinda ndi laputopu, batire la sola ndi maikolofoni, kumasulira mafilimu m'Chichewa. Ankatsitsa mawu a azungu n'kuikapo ake. Wakuba anali iye, wapolisi anali iye, mtsikana wolira anali iye yemwe. Akamaliza ankapereka kwa Sidiki, mwini vidiyo sho ya pa Chipoka, amene ankaonetsa komanso kubenera anthu m'mafoni. Chingerezi cha Gerson chinali cha Fomu Thuu, chopumira m'njira, koma pakamwa pokha Mulungu anamupatsa. Pamene sanamve ankapeka, ndipo anthu ankakonda zopekazo kuposa zenizeni.

Iye ndi apongozi akewo anali asanayang'anizanepo m'maso, poti mwambo suloleza. Akati akumane panjira, Gerson ankapatukira m'chinangwa ngati watsegula m'mimba. Polonjerana ankanjuta patali, wina kuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Koma kusayang'anizana sikutseka makutu. Pakati pa nyumba ziwirizo panali mpanda wa bango wokha, ndipo Anambewe anali ndi luso lolankhula ndi nkhuku, ndi beseni, kapena ndi Pauline, mawu n'kulumpha mpanda kukagwera mkamwini.

"Pauline! Kodi manja ena pamudzi pano ndi a pachithunzi?"

Kapena, akumwaza gaga: "Mwadya? Chabwino. Nanga mwagwira ntchito yanji?"

Ndipo nthawi zonse ankatsekera ndi mawu omwewo: "Ine sindikukalipa ayi, ndikungofunsa."

Tsiku lina Sidiki anapatsa Gerson filimu ya makatuni. "Achimwene, iyi ndi ya ana, koma ikuopsa pang'ono," anatero. "Muithire mchere wokwanira. Wallahi, itidyetsa."

Inali nkhani ya banja lina lomwe linasamukira m'chinyumba chakale pamwamba pa phiri. Zitseko zinkadzitseka zokha, makapu ankayenda patebulo, nsapato za ana zinkasowa. Ana awiri a m'banjamo, mtsikana wolimba mtima ndi mlongo wake wamantha, anayamba kufufuza kuti akuchita zimenezi ndani, ndipo anapeza kuti ndi mzukwa wa mayi wachikulire, woyera ngati ufa, wolendewetsa makiyi m'chiuno.

Vuto linali lakuti mzukwawo unkalankhula Chingerezi cha m'mphuno, chong'ung'udza, choti ngakhale aphunzitsi a ku sekondale akanaupempha kuti ubwereze. Gerson anabweza filimuyo, anabwezanso, osatolapo kanthu. Ndiye pa nthawi yeniyeni imene mzukwa unatulukira m'khoma n'kutsegula kukamwa, kuseri kwa mpanda kunamveka:

"Ndani wakhudza beseni langa?"

Gerson anayang'ana mzukwa. Anayang'ana mpanda. Milomo ya mzukwa ndi mawu a apongozi zinakwanana ngati mphika ndi chivundikiro chake. Apa munthu wanzeru akanadzuka kukamwa madzi, maganizo oipa adutse. Gerson anafinya kholingo, anakanikiza batani lojambulira, n'kubwereza mawuwo ndendende.

Akayamba munthu zotere sasiyira panjira. Mzukwa ukasuzumira kudenga, unkati, "Ndaona, ndangokhala chete." Ukapeza bambo wa m'nyumbamo atagona pampando, unkafunsa za manja a pachithunzi. Ukaima pafupi ndi tebulo banja likudya, unkafuna kudziwa ntchito imene agwira. Ndipo ukamaliza kuopseza aliyense, tsitsi la ana litaima njo, unkanena mofatsa kuti sukukalipa ayi, ukungofunsa. Apo kamnyamata kamantha kaja kankakuwa mawu amene Gerson anapeka yekha: "Thawani, agogo adzuka!"

Anadzitonthoza kuti palibe choopsa. Anambewe anali mayi wa Mvano, sakanaponda mu vidiyo sho ngakhale kunja kukugwa matalala, ndipo foni yawo inali ya mabatani, yoyimbira ndi kuunikira basi.

Filimuyo inayaka ngati moto wa m'dambo. Sidiki ankaionetsa m'mawa, masana, anthu osakhuta. Ana popita kusukulu ankaopsezana nayo. Akabaza akamakanganirana kasitomala, wina ankati, "Ndaona, ndangokhala chete," ndewu n'kuthera m'phwete. Kondakitala wa minibasi ankafunsa okwera ngati manja awo ndi a pachithunzi. Mphunzitsi wina wochokera ku Rumphi, amene Chichewa chinkamuvutabe, anafunsa kalasi yonse ndani wakhudza choko chake, ana n'kuyankhira pamodzi kuti agogo adzuka, ndipo mkuluyo sanamvetse chifukwa chake theka la kalasi linatulukira pawindo.

Pauline anaimva filimuyo pa foni ya mnzake kuchigayo. Anabwera kunyumba ufa uli m'nsidze, anatsitsa thumba, n'kutseka chitseko.

"Bambo a Lindiwe, mwatani?"

"Ndi luso chabe, mayi."

"Luso? Amayi anga mwawasandutsa mzukwa, mukuti luso?" Anayesa kukwiya mpaka pamapeto, koma pakamwa panamupereka, anaseka atagwira m'nthiti. Kenaka anapukuta misozi, nkhope n'kugwa. "Akadzangodziwa, luso lanulo mudzakalamba nalo pamudzi pano. Ku Maganga muzikapita ngati mlendo."

Chodabwitsa n'chakuti Anambewe eni ake anasangalala. Padoko msodzi wina ananena kuti sakukalipa, akungofunsa, anthu onse n'kufa nacho chiseko, kwinaku akuwaba ndi diso. Iwo anabwera kunyumba akuyenda mwamatama.

"Pauline, anthu a kuno ayamba kudziwa kulankhula. Ndawaphunzitsa zaka zambiri, tsopano zayamba kulowa."

Panalibe wolimba mtima woti awauze zoona. Mudzi wonse unasunga chinsinsi, osati chifukwa chokonda Gerson, koma chifukwa aliyense ankafuna kuti wonenayo akhale wina.

Tsiku la nkhani ya chitengwa linafika. A Stanley, atsibweni ake a Gerson, anapalasa njinga kuchokera ku Maganga atavala jekete, thadzi lonenepa atalimanga pakaliyala. Akuchikazi akalandira nkhukuyo, ndiye kuti alola. Akaikana, ibwerera pa njinga yomweyo. A Stanley anali munthu wodziwa kuyala nkhani, wa tsitsi la imvi, woti akalankhula pamaliro anthu amaiwala njala. Chimene Gerson sanadziwe n'chakuti zidzukulu zawo zinali zitawaonetsa kale filimu ija pafoni, ndipo anaikonda koopsa. Anambewe anali atangoonana nawo pa ukwati, patali.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango dzuwa lisanafike pamutu. Kunali a Stanley, kunali atsibweni ake a Pauline, bambo wofatsa amene asanayankhe kanthu ankayamba ayang'ana mlongo wawo, ndipo Anambewe anakhala pamphasa chapambali. Gerson ndi Pauline anabisala kuseri kwa mpanda, makutu ali pabango.

A Stanley anayamba bwino zedi. "Mwana wathu mwakhala naye, mwamuona. Kwathu kuli nyumba, kuli munda wa mpunga ukungogona. Tabwera kudzapempha kuti mutibwereke mwana wanu akatisesere pakhomo. Matenda tizidzauzana, maliro tizidzayenderana. Ku Maganga si kutali, ine ndabwera pa njinga."

Gerson anagwedeza mutu kuseriko. Mtima unayamba kukhala m'malo.

Atsibweni a Pauline anayang'ana mlongo wawo. Anambewe anakonza chitenje.

"Nyumbayo tamva mbiri yake. Akuti mukugona mbuzi. Ndiye mwana wanga akakhala chipinda chiti, cha mbuzi zazikazi kapena cha atonde? Komanso mwana wanuyu, kupatula kudzitsekera n'kumalankhula yekha ngati wogwidwa mizimu, amatha chiyani? Ine sindikukalipa ayi, ndikungofunsa."

Mapewa a a Stanley anayamba kugwedezeka. Anayesa kutsokomola, anayesa kuyang'ana nkhuku. Sizinathandize. Anaphulika, anamenya ntchafu, n'kukuwa ndi mawu aang'ono:

"Thawani, agogo adzuka!"

Anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Aaa, mayi, inunso munaonera? Koma mumautha mzukwawo! Ndendende! Tanenani ija ya beseni, chonde, ija ya beseni!"

Palibe anaseka nawo. Atsibweni a Pauline anayamba kuwerenga zala za kumapazi kwawo.

"Mzukwa uti?" anafunsa Anambewe, mofatsa kwambiri.

"Uja wa m'filimu ya Gerson, uja amati ndaona, ndango..." Mawu anawathera pakamwa. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana makiyi omangidwa pa nsonga ya chitenje chawo, ndipo nzeru zinawafikira mochedwa ngati sitima ya pa Chipoka. Anatola chipewa n'kuchifungatira.

Kuseri kwa mpanda Gerson anakhala pansi, manja ali kumutu. Anaiona nyumba yake ya ku Maganga, mbuzi zikuswana m'menemo mpaka iye atakalamba. Anachita mantha enieni, ndipo anachita manyazi, chifukwa anadziwa kuti mayiyo wasekedwa ndi dera lonse mwini wake osadziwa.

"Pauline!" Mawu analumpha mpanda. "Ndikudziwa uli pamenepo. Uwauze amuna akowo kuti ndikufuna ndiuone mzukwa wangawo. Pompano. Alendowa adikire."

Anambewe anali asanalowepo m'nyumba ya mkamwini wawo. Tsiku limenelo analowa, anavula patapata pakhomo, n'kukhala pampando wa Gerson weniweniwo. Gerson anaika laputopu patebulo, anayatsa filimu, kenaka anakakhala pansi pakona atayang'ana kukhoma, msana kwa apongozi, kuti mwambo usaonongeke kuposa mmene unaonongekera kale. Pauline anakhala pakati, Lindiwe ali kumsana, kuti azinyamula mawu.

Palibe chilango choposa kumva mawu ako omwe ukunyoza munthu, munthuyo ali kumbuyo kwako. Mzukwa unatulukira m'khoma n'kufunsa za beseni. Gerson anatsinzina.

"Pauline, uwauze kuti ine sindithamanga choncho polankhula. Ndimayamba ndapuma."

"Akuti sathamanga choncho."

"Ndamva," anatero Gerson, akuuza khoma.

Filimu inapitirira. Pamene mzukwa unasuzumira kudenga n'kunena kuti waona, wangokhala chete, kumpando kunamveka kaphokoso kosadziwika bwino, kaya chifuwa kaya china. Pamene kamnyamata kamantha kanagwera m'mgolo wa ufa pothawa, Anambewe anaseka ndithu, kenaka anakumbukira kuti akwiya, n'kunena kuti mwana wopusa chotero sanamuonepo. Posakhalitsa anasiya kudzudzula mawu, anayamba kutsatira nkhani. Anauza mtsikana wa m'filimuyo kuti asalowe m'chipinda chapansi. Atalowabe, anati ana a masiku ano ndi choncho.

Atafika pamene ana aja anapeza mulu wa nsapato zawo m'bokosi la mzukwa, mawu a Gerson m'filimumo anati agogowa ndi akuba, akufuna akatsegule kaunjika.

"Si wakuba ameneyu," anatero Anambewe, ndipo ulendo uno sanatume Pauline. "Akubisa nsapato kuti anawo asachoke."

Gerson anatsegula maso. Filimuyo anali ataionera mpaka kuiloweza, koma zimenezo sanaziganizepo.

Ndipo zinalidi choncho. Chakumapeto, ana aja anapeza zithunzi zakale, ndipo filimu inaonetsa zimene zinachitika popanda wolankhula. Mayi uja ali moyo anali ndi mwana wamkazi. Mwanayo anatuluka pakhomo ndi sutukesi, akubayibitsa. Mayiyo anakhala pawindo, mvula inagwa, dzuwa linawala, tsitsi linachita imvi, pakhomo osagogoda munthu. Anambewe anasendera pafupi ndi laputopu. Ngakhale Lindiwe anasiya kuyamwa chala.

Kenaka panabwera chigawo chomaliza. Mzukwa unamasula makiyi m'chiuno, unawapereka kwa mtsikana uja, unatsegula chitseko chachikulu, kuwala n'kulowa. Unalankhula nthawi yaitali. Apa ndi pamene Chingerezi chinamugonjetseratu Gerson, ndiye anaupatsa mzukwawo madandaulo a mtengo wa usipa ndi kuchenjera kwa amalonda a ku Lilongwe. Ku vidiyo sho anthu ankagubuduka pamenepa.

"Imitsani."

Pauline anaimitsa.

"Uwauze kuti zina zonsezo ndawakhululukira theka, poti ndi zoona, ndimaterodi. Koma apa aphonya. Munthu akamatsegula chitseko chotere salankhula za usipa." Anapuma. "Chinthu cholankhulirapocho chili kuti? Andipatse. Abweze pamene wagwira makiyipo."

Gerson anayenda chokwawa, nkhope ataitembenuzira kumbali, anapapasa patebulo, anabweza filimu, anatsitsa mawu ake, n'kupereka maikolofoni kwa Pauline kuti apatsire. Anabwerera pakona pake.

Anambewe anagwira maikolofoni ngati mchira wa kampango. Mzukwa unamasula makiyi, ndipo iwo anayamba, maso ali pa filimu.

"Iwe mwana, tenga makiyiwa. Ndatseka mokwanira. Mkulu wako anamutenga chitengwa anthu a ku Mchinji, anati azibwera Khirisimasi iliyonse. Mpaka lero Khirisimasiyo sinafike, ndimangomva mawu pafoni, nawonso a changu. Ndiye ndinati uyu yekha ayi, uyu ndifa naye pafupi. Koma ndaona kuti kutsekera munthu sikuchotsa mantha, kumangochulukitsa zolankhula."

Mzukwa unafika pachitseko. Mawu a Anambewe anayamba kulemera.

"Pita nawo amuna akowo. Ndi achipongwe, koma sanakumenyepo, ndipo mwana akadwala amathamanga. Ndimaona. Mbuzizo akazitulutse, akazire bwinobwino. Ku Maganga nsomba n'zodula, ndizikutumizira. Ukadwala usandibisire. Kamwanako uzibwera nako ndisanayambe kupempha, chifukwa ine kupempha sindimatha, ndimangokalipa."

Chitseko cha m'filimu chinatseguka, mzukwa unasungunuka m'kuwala, nyimbo inayamba. Pauline ankalira poyera, osabisa. Gerson anali atatsamira chipumi kukhoma, chimwemwe ndi chisoni zitamugwira nthawi imodzi.

Anambewe anamina m'chitenje, n'kubwezera maikolofoni kwa Pauline.

"Uwafunse ngati zalowa m'makinamo."

Gerson anasuzumira laputopu ndi diso limodzi. Kabatani kofiira kanali kosayaka. Pa mantha aja anabweza filimu, anatsitsa mawu, koma kujambula anaiwala. Munthu amene anajambula chipongwe chonse osaphonya ngakhale liwu limodzi, mawu okhawo ofunika anawasiya apite ndi mphepo.

"Uwauze kuti sizinalowe," ananong'ona Gerson. "Uwapemphe ngati angabwereze."

"Ndibwereze?" Anambewe sanadikire Pauline. Anaimirira n'kumanga chitenje. "Amuna akowa akuyesa n'zophweka eti? Ndanena kamodzi, zandipweteka kamodzi, zakwana. Amene wamva wamva. Anthu a ku vidiyo aziseka za usipa zomwezo."

Anavala patapata n'kutuluka. Gerson ndi Pauline anathamangira kumpanda.

Pansi pa mango, mthunzi unali utasuntha, koma amuna awiri aja anali pomwe anawasiya. A Stanley ataona mayiyo akubwera maso ali ofiira, anadziwa kuti zonse zaonongeka, ndipo waononga ndi iwo. Anaimirira, chipewa m'manja, n'kuyamba kukankha njinga mwakachetechete, thadzi likadali pakaliyala.

"Pepani mayi, talakwa. Tibwerera nayo nkhukuyi, tidzabwera tsiku lina mitima ikadzazizira."

"Mubwerera nayo kuti?" Anambewe anagwira kaliyala, anamasula chingwe okha, n'kuikupatira nkhukuyo kukhwapa. "Mwanditengera mwana, mwanditengera mdzukulu, mukufuna mutengenso nkhuku?"

Mawu omalizawo anatuluka osweka. Anatembenuka msanga kuti alendo asaone nkhope yawo, n'kulowera kuseri kwa nyumba, nkhuku ili kukhwapa, ndipo anakhalako nthawi yaitali.